Kabureta Isazengedwe Mlandu Mboni Zisanalankhule

 

Nkhani yanga lero ndi ya galimoto yakale imene petulo sakuifika bwino. Mukuidziwa nonse. Ndi ija yolira mosalala pagalaja koma n'kukatsamwa pachitunda, ija yozima pakati pa msewu n'kudzalira yokha pakapita mphindi khumi ngati sinalakwepo kanthu. Galimoto yotere ikangolowa m'galaja, dzanja la makaniko limathamangira ku kabureta. Mwini wake asanamalize n'komwe kufotokoza, sikuludiraiva ili kale pa kasikuluwu, ndipo pofika masana kabureta yaphwasulidwa, tizitsulo take tili mbwee m'beseni. Ine ndabwera kudzaikira kumbuyo kabureta. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo muimva kangapo: kabureta imagawa zimene yalandira. Ili ngati mayi wogawa nsima pa ukwati. Nsima ikachepa, munthu wanzeru amayamba wafunsa ngati m'nkhokwe munali chimanga, ngati ufa unabwera kuchokera kuchigayo, ngati wonyamula thumba sanalitaye panjira. Wogawayo amafunsidwa pomaliza, chifukwa ndiye womaliza kugwira chakudyacho. Pabwalo la mfumu sagamula mlandu mboni zisanalankhule, ndipo mboni za mlandu wa petulo ndi thanki, mapaipi ndi pampu.

Kuti tisalankhule zam'mwamba, nditenga galimoto imodzi ngati chitsanzo: Land Rover ya Series IIA, imene inapangidwa kuyambira 1961, ndi mng'ono wake Series III, wa 1971 mpaka 1985, zonse za injini ya petulo ya 2286 cc. Ndaisankha chifukwa njira yake ya petulo imaoneka yonse ndi maso, popanda kompyuta yobisa kanthu. Pa Land Rover yaifupi, thanki ya malita 45 imakhala pansi pa mpando wa dalaivala. M'thankimo mumatsikira kapaipi kokhala ndi kasefa kunsonga. Kuchokera apo paipi imatsata chesesi mpaka pa pampu yomangidwa m'mbali mwa injini, imene imayendetsedwa ndi kamushafuti ndipo ili ndi kambale kagalasi kogwira zinyalala. Pampu imakankhira petulo ku kabureta, imene pa zambiri mwa galimotozi ndi Zenith 36IV, pomwe zoyambirira zinali ndi Solex. M'kabureta muli kambale kena kokhala ndi fuloti ndi singano, kogwira ntchito ngati thanki ya chimbudzi chamadzi: petulo akadzaza, fuloti imakwera n'kutseka khomo. Kambale kameneka sikadzaza n'komwe kapu ya tiyi, ndipo mukumbukire kuchepa kwakeko chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Zimene ndinene zikugwiranso pa Peugeot 404 ndi 504, pa Volkswagen Beetle, pa Datsun 120Y, ndi pa galimoto ina iliyonse ya kabureta.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba: tsimikizani kaye kuti injini ikufa ndi njala, osati kusowa moto. Yachiwiri: funsani thanki ndi mapaipi. Yachitatu: yezani pampu. Yachinayi: mukatero ndiye tsegulani kabureta. Ndikatha izi ndiyankha mawu atatu otsutsa amene ndikudziwa kuti ena mwa inu mwawasunga kale kukhosi.

Mfundo yoyamba, njala kapena moto. Injini ya petulo imalira pakakumana zinthu zitatu: mpweya wopanikizidwa bwino m'silinda, moto wa pulagi pa nthawi yake, ndi petulo wosakanikirana ndi mpweya pa mlingo wake, umene ndi pafupifupi makilogalamu 15 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Chovuta n'chakuti matenda a moto amavala nkhope ya matenda a petulo. Koyilo yotopa kapena kondensa yakutha imagwira ntchito ikakhala yozizira, imafooka ikatentha, ndipo imatsitsimuka galimoto ikaima kanthawi, monga momwe imachitira galimoto ya njala. Komabe imfa ziwirizi zimasiyana kwa wotchera khutu. Moto ukaduka, kawirikawiri injini imazima ngati babu lamagetsi, kamodzi n'kamodzi, nthawi zina n'kuphulika kuekizozi. Injini ya njala imazima ngati koloboyi yotha palafini: imayamba yafooka, kutsokomola, kutsitsimuka pang'ono mukachepetsa phazi, kenako zii. Ngati galimoto ikufooka choncho ndipo mukakoka choki n'kupezako mphamvu, dziwani kuti petulo akuchepa, pakuti choki chimachepetsa mpweya kuti ufanane ndi petulo wochepa amene akubwerayo.

Umboni weniweni umatengedwa pamalo pomwe galimoto yazimira, nthawi yomweyo, musanayesenso kuiliza. Chotsani paipi ya mpweya pamwamba pa kabureta, suzumirani kukhosi kwake injini ili chizimire, ndipo kankhani kachitsulo ka ekiselereta ndi dzanja. Pa Zenith ndi Solex muyenera kuona kamtsinje ka petulo kakutumphuka. Mukakankha kawiri katatu kamtsinjeko kakutulukabe, kambale kali ndi petulo, ndipo ulendo wanu ndi wa ku mapointi, kondensa ndi koyilo. Kakapanda kutuluka, kambale kauma, ndipo funso ndi lakuti kauma chifukwa chiyani. Kabureta ya SU, ngati ya pa Morris Minor, ilibe kamtsinje kameneka. Imeneyo mumatsegula chivindikiro cha kambale n'kuona ndi maso. Njira ina ndi kuthira supuni imodzi ya petulo kukhosiko, kuika botolo kutali, kuchotsapo nkhope, wina n'kuliza. Injini ikalira masekondi awiri atatu n'kuzima, moto ulipo, chikusowa ndi chakudya. Apa ndichenjeze, chifukwa anthu apsa nazo izi. Musathire petulo wina akuliza, pakuti injini imatha kulavula moto kukhosi. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi n'kukaunjikana m'dzenje la galaja, kumene ndudu imodzi ikwanira. Madzi sazimitsa moto wa petulo, amangoumwaza, choncho ndowa ya mchenga ikhale pafupi. Ndipo chizolowezi choyamwa petulo ndi pakamwa chitheretu: kadontho kolowa m'mapapo kamawatupitsa, ndipo munthu amatha kufa nako.

Mfundo yachiwiri, thanki ndi mapaipi. Pano ndikhalitsa, chifukwa ndi pamene pamabisala milandu yambiri imene kabureta imamangidwira. Tiyambe ndi chinthu chotchipa kuposa zonse, chitsekerero cha thanki. Amayi akafuna kuthira mkaka wa m'chitini amaboola mabowo awiri, lina lotulukira mkaka, lina lolowera mpweya. Thanki nayonso imapuma. Petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, ndipo pa galimoto zambiri zakale umalowera pa kabowo ka m'chitsekerero. Kabowoko kakatsekeka ndi fumbi, kapena chitsekerero chikatayika wina n'kuikapo cha galimoto ina, kapena kumangapo pulasitiki ndi mphira, pampu imayamba kukokana ndi thanki yosapuma. Galimoto imayenda makilomita angapo bwinobwino, kenako n'kufooka. Mukaima, mpweya umalowa pang'onopang'ono, ndipo galimoto imaliranso. Kuyesa kwake sikulira ndalama: ikangozima, tsegulani chitsekerero khutu lili pafupi. Mukamva thanki ikukoka mpweya kuti fyuu, yendani ulendo womwewo chitsekerero chili chomasula pang'ono. Vuto likatha, mlandu watha, kabureta isanakhudzidwe.

Kenako dzimbiri. Thanki yachitsulo imene yakhala zaka makumi anayi kapena asanu imasuwa m'kati. Injini ikamakoka kwambiri, makoko a dzimbiri amayandamira ku kasefa n'kukakamira ngati masamba pakamwa pa ngalande mvula ikagwa. Petulo wodutsa amakwanira injini yongolira pamalo amodzi, koma sakwanira pachitunda. Tsono kumbukirani kambale kaja kosadzaza kapu ya tiyi: injini imamwa kam'kambaleko msanga kuposa momwe kakudzazidwira, ndipo pakati pa chitunda kamauma. Injini ikazima, kukoka kumatha, makoko aja amagwera pansi, njira n'kutseguka. N'chifukwa chake galimoto imachira yokha ikapuma. Palinso madzi, amene amalemera kuposa petulo ndipo amakhala pansi penipeni pomwe kapaipi kamayamwa. Amachokera ku mame a usiku m'thanki yosadzaza, kumvula yolowera pachitsekerero, ndi ku petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Khuthulirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati, liikeni pansi mphindi zingapo, ndipo madzi adzionetsa okha kunsi kwa botolo. Pali chizindikiro chinanso chimene ambiri sachilabadira: galimoto imene imayenda bwino thanki ikadzaza koma n'kuyamba kuvuta geji ikafika pakati. Imeneyo kapaipi kake ka m'thanki kang'aluka chapakati, ndipo mng'aluwo ukatuluka pamwamba pa petulo umayamba kuyamwa mpweya. Thanki ya dzimbiri imatsitsidwa n'kutsukidwa, ndipo ikabooka musaiyandikize moto wowotcherera, ngakhale ioneke youma, chifukwa thanki yopanda petulo ndi imene imaphulika.

Za mapaipi ndinene chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale amakaniko akale. Tinazolowera kuti paipi yobooka imadontha. Izi n'zoona pa paipi yochoka ku pampu kupita ku kabureta, chifukwa m'menemo petulo akukankhidwa. Koma paipi yochoka kuthanki kupita ku pampu imayamwidwa, ndipo ikabooka chakumtunda imatha kusadontha konse, imangolowetsa mpweya. Zili ngati mjigo umene paipi yake yabooka: mumapopa mpaka thukuta, madzi n'kumabwera modukizadukiza. Paipi ya mphira yokalamba nayo imatha kuoneka yabwino kunja pomwe m'kati yafewa, ndipo pampu ikakoka mwamphamvu imaphwatalala n'kudzitseka yokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono m'malo moyang'ana chilichonse pachokha, dulani njira pawiri. Tengani kachigubu ka petulo woyera ndi paipi yatsopano, lumikizani pakhomo lolowera la pampu, mangani kachigubuko zolimba kutali ndi ekizozi, ndipo kakwereni chitunda chomwe chija. Galimoto ikakwera, vuto lili kumbuyo, m'thanki kapena m'paipi. Ikalephera, kwezani kachigubuko pamwamba pa kabureta kuti petulo atsike yekha osadzera m'pampu. Ikakwera tsopano, wolakwa ndi pampu. Ikalepherabe, pamenepo mboni zonse zalankhula, ndipo kabureta iyankhe. Mayeso awiri okha, mlandu wapeza mwini. Awa ndi mayeso a kamtunda kochepa pamsewu wopanda anthu, si njira yopitira kumudzi.

Mfundo yachitatu, pampu. Kuti muiyeze bwino muyenera kudziwa momwe imagwirira ntchito, chifukwa ambiri amaganiza kuti injini ndiyo imakankha petulo. Ayi. M'kati mwa pampu muli dayafulamu, kachikopa kamphira kokungidwa ngati ka ng'oma, ndi timavavu tiwiri tolola petulo kupita mbali imodzi yokha. Kamushafuti imakankha mkono wa pampu, mkonowo n'kukokera dayafulamu pansi, petulo n'kulowa. Chimene chimabweza dayafulamu m'mwamba n'kukankhira petulo ku kabureta ndi sipuling'i. Choncho mphamvu ya petulo imachokera ku sipuling'iyo, ndipo ndi yochepa, siifika n'komwe 3 psi pa Land Rover imeneyi. Kambale ka kabureta kakadzaza, singano imatseka, sipuling'i imalephera kukankha, dayafulamu imangokhala pansi kudikira. Pampu ya Land Rover ili ndi kamkono kopopera ndi dzanja kunsi kwake. Mukakapopa n'kumva kuti kali lendelende, musafulumire kunena kuti pampu yafa. Mwina kambale kadzaza kale, mwina injini inaima pamalo pomwe kamushafuti yagwira kale mkono uja. Zunguzani injini kamodzi, kamushafuti izungulire theka, muyesenso. Yang'ananinso kambale kagalasi. Ngati muli thovu losatha injini ikulira, mpweya ukulowa penapake, ndipo kawirikawiri ndi pa gasiketi ya kambale komweko, makamaka ngati kangotsukidwa kumene n'kubwezedwa mopendekeka.

Cholakwa chofala n'chakuti makaniko amachotsa paipi, wina n'kuliza, petulo n'kutuluka pang'ono, iye n'kunena kuti pampu ili bwino. Kutuluka kokha si umboni, funso ndi lakuti akutuluka wochuluka bwanji. Injini imeneyi ikamakoka ndi mphamvu zake zonse imatha kumwa malita oposa 20 pa ola, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a lita pa mphindi iliyonse. Pampu yosafika pamenepo idzakutayani pachitunda ngakhale kabureta ikhale yatsopano. Tengani botolo louma la theka la lita, lowetsanimo paipi yochoka ku pampu, lizani injini ndi petulo wotsala m'kambale ka kabureta, ndipo werengani masekondi 30. Botolo lizikhala litafika chapakati, petulo akubwera mwamphamvu ngati kugunda kwa mtima. Akamabwera mwaulesi pomwe pampu ikumwa m'kachigubu koyera, timavavu tatha kapena dayafulamu yauma. Musaiwale kusolola chitsulo choyezera oilo n'kuchinunkhiza. Dayafulamu ikang'ambika, petulo amatsikira m'sampu. Oilo amene akukwera yekha m'malo motsika, wopyapyala, wonunkha petulo, akukuuzani kuti pampu yang'ambika, ndipo galimoto yotero isayende mpaka pampu ndi oilo zitasinthidwa, chifukwa oilo wosungunuka amadya mabering'i. Vuto la pampu yotchipa limasanduka la injini yonse.

Pali matenda ena a pampu amene si a pampu kwenikweni, ndiwo a kutentha, amene mabuku amawatcha vapour lock. Petulo ndi msakanizo wa mafuta osiyanasiyana, ndipo opepuka kwambiri mwa iwo amayamba kuwira kutentha kusanafike n'komwe madigiri 40. Ganizirani galimoto yochoka ku Chikwawa mu Okutobala masana, yodzaza katundu, ikukwera zitunda zochokera pa Thabwa kulowera ku Blantyre pa giya yotsika. Mphepo yolowa m'boneti ndi yochepa, injini ikutentha, ndipo kabureta ya Land Rover yakhala pamwamba penipeni pa manifodi ya ekizozi. Petulo amawira m'paipi, ndipo pampu yopangidwira kukoka madzimadzi imalephera kukoka nthunzi. Kuyesa kwake ndi nsanza yonyowa: kulungani pampu ndi paipi, dikirani pang'ono. Ikalira msanga kuposa masiku onse, vuto ndi kutentha. Mankhwala ake ndi kusuntha paipi italikire ekizozi, kubwezeretsa kachidutswa kotchinga kutentha kamene kamakhala pansi pa kabureta ngati wina anakataya, ndi kuona ngati rediyeta ndi taiming'i zili bwino, pakuti taiming'i yochedwa imatenthetsa ekizozi koposa.

Mfundo yachinayi, kabureta. Sindikunena kuti ndi yoyera ngati mngelo. Ili ndi milandu yake, koma yambiri mwa iyo ndi ya kukhuta, osati ya njala. Singano ikatha kapena kachinyalala kakaiyimika, petulo amasefukira: utsi wakuda, mapulagi a mwaye, fungo la petulo, injini yovuta kulira ikatentha. Fuloti ikabooka imamira, ndipo mukaigwedeza pakhutu mumamva petulo m'kati mwake. Zenith 36IV ili ndi nthenda yakeyake yodziwika: zigawo zake zimapindika pang'ono ndi zaka, ndipo kamphira kozungulira kam'kati kakauma, petulo amadutsa njira yachidule, galimoto n'kumamwa mopitirira muyeso. Mankhwala ake ndi kusalaza nkhope za zigawozo pa sandipepa woyalidwa pagalasi ndi kuika kamphira katsopano. Milandu ya njala yofala ya kabureta ndi iwiri: majeti otsekeka, makamaka galimoto ikakhala miyezi osayenda petulo n'kuuma kusiya utomoni, ndi mpweya wakuba wolowera pa gasiketi ya manifodi kapena pa shafuti yotha. Jeti imatsukidwa ndi mankhwala ake ndi mpweya wopopa. Musailowetse waya, chifukwa kabowo kake kanayezedwa kufakitale, ndipo mukakakulitsa pang'ono pokha galimoto idzamwa mopitirira mpaka kalekale. Ndipo mumve ichi, inu ophunzira umakaniko: kasikuluwu kaja kamene aliyense amathamangira kupotokola, pa Zenith ndi Solex kamalamulira petulo wa injini yongolira pamalo amodzi basi. Pachitunda, phazi lili pansi, petulo amadzera m'jeti yaikulu, ndipo kasikuluwuko kalibe mawu. Wokapotokola pofuna kuchiza galimoto yozima pachitunda akuthira mankhwala m'diso pomwe wodwala akumva m'mimba.

Tsopano mawu otsutsa. Oyamba ndi a makaniko amene anene kuti: ife takhala tikutsuka makabureta zaka zonsezi, ndipo galimoto zimachoka pagalaja zikuyenda. Sindikukana kuti zimachoka zikuyenda. Koma taganizani zimene zimachitika m'maola awiri amene kabureta ili m'beseni. Koyilo yazizira. Thanki yapuma. Makoko a dzimbiri agwera pansi. Nthunzi ya m'paipi yabwerera kukhala petulo. Galimotoyo ikanaliranso ngakhale mukanangokhala pansi pa mtengo kudikira, ndipo ulemu wa kuchirako umapita kwa beseni. Ngati munapezadi zinyalala zofiira m'kambale, dzifunseni kumene zachokera. Thupi la kabureta si lachitsulo chochita dzimbiri lofiira, choncho dzimbirilo labwera kuchokera kuthanki kapena m'paipi, ndipo lina lili m'njira. Kabureta imagawa zimene yalandira. Pakatha sabata mwini galimoto amabweranso nkhope ili gwaa, ndipo mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Wina anena kuti kasitomala sadikira ndipo zida zoyezera n'zodula. Koma zida zimene ndatchula ndi botolo, kachigubu, mita imodzi ya paipi, nsanza ndi khutu. Mayeso onsewa satha ola limodzi, pomwe kuphwasula kabureta kumadya theka la tsiku ndi gasiketi imene mwina simuipeza m'sitolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako ndiye njira yachidule.

Achiwiri anena kuti: bwanji osangoika pampu yamagetsi n'kuiwala zonsezi? Pampu yamagetsi si mdani. Morris Minor inkatuluka nayo kufakitale, pampu ya SU ija yogogoda mukatsegula kiyi, imene mapointi ake akakakamira anthu amaidzutsa poigogoda ndi sipanala. Pa galimoto yokhala milungu osayenda, pampu yamagetsi imadzaza kambale musanalize, batire n'kupuma. Koma siichotsa dzimbiri m'thanki, siitsegula chitsekerero chosapuma, siimata paipi yobooka. Imangobisa matenda kwa kanthawi. Ndipo ili ndi malamulo atatu amene akaphwanyidwa imabweretsa ngozi. Ikhale ya mphamvu yochepa yopangidwira kabureta, chifukwa pampu ya galimoto zamakono za injekishoni imakankha 40 psi kapena kuposa, ndipo singano yopangidwira 3 psi singaime pamaso pake. Petulo amasefukira pa manifodi yotentha. Imangidwe pamalo amene anaipangira, ndipo zambiri zogulidwa masiku ano zimafuna kukhala m'munsi, pafupi ndi thanki, popeza zimakankha bwino kuposa kukoka. Ndipo ilumikizidwe mwa njira yoti injini ikazima nayonso izime. Pampu ya kamushafuti imaima yokha injini ikaima, koma yamagetsi yolumikizidwa pa kiyi pokha imapitiriza kupopa galimoto itagubuduzika, paipi itaduka, anthu ali m'kati. Mukaika yamagetsi, yakale ija ichotsedwe m'njira, kuopa kuti dayafulamu yake ikadzang'ambika yamagetsiyo idzadzaza sampu ndi petulo.

Achitatu anena kuti vuto ndi petulo wa masiku ano, wosakaniza ndi ethanol. Mawu amenewa ali ndi choonadi, koma kuno kwathu tiwayeze bwino. Ethanol ndi mowa womwe uja uli m'kachasu, wotchezedwa mpaka madzi atatha, ndipo wathu amachokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. Malawi inayamba kumusakaniza ndi petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo pambuyo pake inabwera ina ku Chikwawa. Tsono pomwe eni galimoto zakale ku Britain anayamba kudandaula kwambiri mu 2021, petulo wa E10 atafika pa mapampu awo, Land Rover imene yakhala ikuyenda m'misewu yathu yamwa ethanol zaka zoposa makumi anayi. Sizingatheke kuti chinthu chimene galimoto yakhala ikumwa nthawi yonseyi chikhale yankho la vuto lililonse loyamba dzulo. Zimene ethanol amachitadi ndi zitatu. Amaumitsa kapena kufewetsa mphira wa mtundu wakale, choncho pogula paipi funani yolembedwa SAE J30 R9, ndipo paipi ya madzi kapena ya pulasitiki wamba isayandikire petulo. Amasungunula utomoni wakale wa m'thanki n'kuutumiza kutsogolo, n'chifukwa chake galimoto yobwera kumene kuchokera kunja, kapena yodzutsidwa patapita zaka, imatseka sefa kangapo m'masabata oyamba. Ndipo amakoka chinyezi cha mumpweya. Madziwo akachuluka, ethanol amalekana ndi petulo n'kutsikira nawo pansi pa thanki, pomwe amadyetsa chitsulo ndi dzimbiri. Onani kuti zonse zitatuzi zimagwera mapaipi, dayafulamu ndi thanki, mboni zomwe zija, ndipo zimapweteka kwambiri galimoto yoima kuposa yoyenda. Amene mumasunga galimoto yanu m'shedi kudikira tsiku la ukwati kapena la chionetsero, ngati iima milungu yochepa isiyeni thanki ili yodzaza kuti mpweya wa chinyezi usowe malo. Ngati iima miyezi yambiri, khuthulani thanki, lizani injini mpaka kambale ka kabureta kaume, ndipo tsiku loidzutsa yambani ndi petulo watsopano ndi sefa yatsopano, ina yapadera ili m'bokosi la zida.